Silabasi ya M'kabati mwa a Sizibwera

Dzina lawo lenileni linatsala m'mafayilo a mu ofesi. Sukulu yonse, mpaka mlonda wa pageti, inkawadziwa kuti a Sizibwera. Ankaphunzitsa bayoloje, ndipo mwana akakweza mkono n'kufunsa za mutu umene audumpha, iwo ankakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche n'kuyankha kuti, "Zimenezo sizibwera pa mayeso. Khala pansi."

Anali munthu waukhondo, tisawanamizire. Malaya osita bwino, nsapato zonyezimira, choko m'kabokosi kakekake. Notsi zawo zinali zomwe analemba ali kukoleji, mapepala atachita kufiira m'mbali, ndipo ankazidziwa pamtima. Za magazi, za mapapo, za masamba a zomera, pamenepo palibe akanawagwira. Koma akulikulu la maphunziro anasintha silabasi, kabuku kaja kotchula mitu yonse imene mwana ayenera kudziwa asanalowe m'mayeso, ndipo anaikamo mutu waukulu wa zimene ana amatengera kwa makolo. A Sizibwera anatsegula buku latsopano la ophunzira kamodzi kokha. Ataona timabokosi todzaza zilembo zazikulu ndi zazing'ono, mutu unaima. Mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu yoyandikana nayo ankazidziwa bwino zimenezo, koma anali mwana yemwe anamuphunzitsa okha, ndiye kukamugwadira ameneyo kunali bola kufa. Silabasiyo anapita nayo kunyumba n'kuiponya pansi m'kabati, m'munsi mwa nyuzipepala zakale.

Ana akaifunsa, yankho linali lokonzeratu. "Mukuifuna ya chiyani? Silabasi ndi ine."

Pakhomo pawo pankakhala mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa kalasi yomaliza, yemwe anzake ankamutcha Namwino chifukwa pakamwa pake sipankachoka nkhani ya ntchito imeneyo. Mayi ake, telala wa pakhonde la sitolo m'tauni ina, anamuuza mosapita m'mbali: mwayi ndi umodzi. Akapanda kukhoza bwino bayoloje, koleji ya unamwino simutenga, ndipo zobwereza kalasi kulibe, chifukwa kumbuyo kuli ang'ono ake akudikira. Kwa amalume malo ankalipira ndi manja: kuchapa, kusita, kukolopa, kubereka khanda. A Sizibwera zonsezi ankazidziwa.

Loweruka lina anamupeza ataima pafupi ndi kabati, simbi ikuzizira patebulo, chala chikuyenda pakabuku kaja.

"Amalume, mutu uwu tidzaphunzira liti? Masamba ake ndi ambiri ndithu."

"Wakutuma ndani m'kabati mwanga?"

"Ndimafuna nyuzi zoyala m'mashelefu, amalume."

"Bweretsa kuno. Izi anangolemba anthu a m'maofesi posowa chochita."

Anakatsomphola kabukuko. Ankadziwa kuti za mutuwo zidzabwera pa mayeso, zosafunsa n'komwe. Akanatha kumupatsa mwanayo buku latsopano mwakachetechete kuti aziwerenga yekha, ndipo maganizo amenewo anawafikira ndithu. Koma kumupatsa kunali kuvomera. Mtsikana ali ndi anzake, anzakewo ali ndi pakamwa, ndipo nkhani ikafika kwa ahedi, munthu wa imvi zake n'kukhala choseketsa cha m'chipinda cha aphunzitsi. Pakati pa tsogolo la mwana wa mlongo wawo ndi nkhope yawo, sanavutike kusankha.

Chimene sanadziwe n'chakuti Namwino anali atakopera kale timitu tingapo kumapeto kwa kope lake, n'kuonetsa mnzake wokhala naye desiki. Lolemba mnyamata wina wa kumbuyo anakweza mkono.

"Sala, akuti m'silabasi muli za zotengera kwa makolo. N'zoona?"

A Sizibwera anaika choko pansi pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane mnyamatayo.

"Namwino, imirira. Bwera kutsogolo kuno. Tenga choko ichi. Ndamva kuti silabasi ukuidziwa kuposa ine. Tiphunzitse."

Iwo anapita kukakhala padesiki ya mtsikanayo, n'kupingasa miyendo. Namwino anaima pabolodi, choko chili m'manja. Akanalemba chiyani, poti anangoona mayina a mitu basi?

"Tikudikira, madamu. Nthawi ikutha."

Kalasi inaseka chikhakhali, ngakhale aja amene ankagwiritsidwa naye limodzi fuwa la moto. Ana amaseka aliyense amene waima kutsogolo, bola asakhale iwo.

"Mukumuona? Amadya kwanga, amagona kwanga, lero wasanduka woyendera sukulu. Ukayime panja mpaka belu."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anatchulanso silabasi. Buku latsopano linalowa m'dirowa ya loko, kiyi m'thumba. Kunyumba, akazi awo anamuwonjezera ntchito mtsikanayo, akuti poti nthawi yofufuza m'makabati mwa eni ali nayo yambiri.

Tsiku la mayeso a bayoloje a Sizibwera anadikira pakhonde. Mwana woyamba atatuluka, iwo anamulanda pepala la mafunso. Funso lalikulu, loti aliyense ayankhe, linali la mutu womwewo. Analipinda pepalalo bwinobwino n'kulowa nalo m'chipinda cha aphunzitsi akupukusa mutu.

"Olemba mayeso chaka chino apenga. Afunsa zakunja kwa silabasi."

Anzawo anawamvera chisoni, wina mpaka anawathirira tiyi. Akanatsutsa bwanji, poti kabukuko panalibe anakaonapo?

Zotsatira zitatuluka, Namwino anali atakhoza bwino maphunziro ena onse. Bayoloje yokha ndiyo inamugwetsa, ndipo koleji sinamuitane. Mayi ake anatseka makina n'kukwera basi. Anafika maso ali psuu, anakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo m'nyumba ya mchimwene wawo yemwe.

"Achimwene, chinachitika n'chiyani? Phunziro lanu lomwe, mwana akugona m'nyumba mwanu?"

Kabati inali pomwepo, kuseri kwa mpando umene anakhalawo. A Sizibwera anapumira m'mwamba ngati munthu amene wapirira zambiri.

"Achemwali, sindinafune kukudandaulitsani. Mwanayu ndi wamwano. M'malo mowerenga zimene ndamupatsa, amafuna kundiphunzitsa ntchito pamaso pa ana. Funsani aliyense wa m'kalasi mwake."

"Amayi, m'kabatimo muli..."

"Tseka pakamwa!" anakalipa mayi ake. "Ine maso akutha ndi singano, iwe uli kuno kuchitira chipongwe munthu amene wakusunga? Gwada. Upepese amalume ako."

Akazi a a Sizibwera analowererapo ndi mawu ofewa, akuti mwanayo asamutaye, angomusiya pompano azithandiza kulera khanda mpaka china chidzapezeke. Mayi ake anathokoza misozi ili m'maso, chifukwa kwawo kunalibe poti amuike.

Namwino anagwada pasimenti imene anaikolopa yekha m'mawa umenewo. Anawayang'ana amalume ake m'maso, ndipo iwo anayang'ana nsapato zawo.

"Pepani, amalume."

"Ndakukhululukira," anatero a Sizibwera, ndipo mtima unakhala pansi, mpaka anadzimva kuti ndi munthu wachifundo. Kenako anamutuma akaike madzi pamoto, poti mayi ake anali atayenda ulendo wautali.