Phando la Pakati

A Yobu Chirwa a ku Chisemphere anabadwa pa 9 Juni 1944. Anaphunzitsa sitandade 7 kwa zaka zambiri, ndipo atapuma ntchito pa 31 Julayi 1999 anabwerera kumudzi kukalima fodya wa bale, wailesi ili lende pakhosi. Pa wailesipo ndi pomwe anamva nkhani imene inawakhala mumtima. Akuti akatswiri ena a sayansi amaganiza kuti danga lenilenili, mpata umene uli pakati pa zinthu, lili ndi timibulu take tating'onoting'ono tosatheka kudula pakati. Ankaikamba m'chigafa akusoka fodya, potuluka m'tchalitchi, ngakhale pamaliro, mpaka anthu anangowazolowera.

Makuponi a feteleza atabwera, malo amene ankangomera tsekera anayamba kulimbiranidwa. Lefina ndi Elube, ana a malemu mlongo wawo wa a Yobu, analeka kuyankhulana chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire a minda yawo. Zinawasowetsa mtendere a Yobu, pakuti mbumbayo inali m'manja mwawo.

Pa 18 Novembala 2006 anawaitanira kumunda. Anayeza mzerewo ndi chingwe, nachipinda pawiri. Aliyense anatenga mbali yake, koma pakatikati penipeni panatsala phando limodzi.

"Limenelo ndi langa, amalume," anatero Lefina. "Ndinayamba kuyamwa ndine."

"Munayamwanso mopitirira muyeso, akulu," anayankha Elube. "Aligawe basi."

"Chabwino, bweretsani khasu ndilidule," anatero a Yobu. "Koma m'theka la phando mubzalamo theka la mbewu? Ana inu, ngakhale danga limene analenga Mulungu akuti lili ndi polekezera kugawika. Nanga mzere wa mayi anu ndiye usakhale napo?"

"Ayambapotu zawo zija!" anatero Elube, phwete likumutsamwitsa. Lefina anaphimba kukamwa ndi nsonga ya chitenje, koma mapewa anamuulula.

A Yobu anapisa m'thumba, natulutsa nthanga ya dzungu, naikwirira paphandopo ndi chidendene. "Kumene likayange, mwini wake ndi wa komweko," anatero.

Dzungulo linayanga uku ndi uku osafunsa malire. Pofika Januwale, akazi awiriwo ankapezeka limodzi pamzerepo akuthyola nkhwani, uku akunenana kuti winayo ndiye amawononga ndiwo ndi chidulo chambiri.