Chowotcherera cha Achimwene

Achimwene anga amakonza mawailesi pakhonde la golosale, ndipo mumsewu wathu amangowatchula kuti a Waya. Moyo wawo wonse mankhwala ndi amodzi: chikagwedera, wotcherera. Ngakhale ndolo yanga anaimatapo ndi mtovu, osandifunsa n'komwe.

Ndiye mwana wawo wachisamba, mtsikana wa ku sekondale, analowa gulu lopanga maloboti. Tsiku lina anabwera ndi kagalimoto koyenda kokha, kokhala ndi kabolodi kobiriwira kamene amakauza zochita kudzera pa kompyuta. Mawaya ake ngongosomeka m'timabowo ta pulasitiki, kuti ukalakwitsa uzule n'kusomekanso pena. Kabolodiko kanali kamodzi gulu lonse, ndipo anzake anam'patsa iyeyo kuti asunge mpaka tsiku la chionetsero.

Kagalimotoko kankangozungulira pamodzimodzi. Mtsikana atapita kotunga madzi, achimwene anakagwira, n'kupukusa mutu. "Ana awa! Waya wogwedera chonchi?" Basi chowotcherera pamagetsi. Pulasitiki yonse inasungunuka, nyumba yonse fungo lokhalokha, kabolodi kanada mbali imodzi.

Abale inu, mwanayo sanalire. Anangoti, "Ababa, vuto linali mu pulogalamu," n'kukakhala kuseri kwa nyumba.

Achimwene ananyamuka kupita kusukuluko, atavala jekete la kutchalitchi, ine ndili pambuyo. Anaima kutsogolo kwa ana, chipewa m'manja, n'kunena kuti, "Musam'dzudzule, ndaononga ndine." Kamnyamata kena kanaphulika kuseka. Ine ndinkangoyang'ana zala zakumapazi. Aphunzitsi anawayankha mwaulemu, ulemu wopweteka uja, koma kuchionetsero gulu lija silinapite.

Chichokereni apo, Lachitatu lililonse masana achimwene amatseka ntchito n'kukakhala pa benchi la ana a gulu la maloboti lija, maondo kugunda desiki. Amatayipa ndi chala chimodzi, lilime lili panja. Kababu kawo koyamba kataphethira momvera pulogalamu yawo, anandiimbira foni ngati abereka mwana.

Sukulu inapeza kabolodi kena, ndipo mtsikanayo anam'khulupiriranso. Koma kwawo sapita nako. Amakasiya kwa ine, m'kabati ya mbale, n'kumati, "Azakhali, ababa musawauze."

Dzulo achimwene anabwera kudzandiona. Anakhala moyang'anizana ndi kabatiyo, tiyi n'kuzizira m'kapu.

"Achemwali, kakuyenda bwino kaja?"

"Kakuyenda."

"Chabwino," anatero, n'kulowetsa manja onse awiri m'matumba.