Ndege Imene Amalume Anaibweza

Wailesi ya amalume inali yakuda, yolemera ngati njerwa, mlongoti wake womangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Siinkaimba nyimbo ayi. Inkangosokosera tsiku lonse, kenako mwadzidzidzi munthu n'kulankhula kuchokera m'mitambo.

Amalume ndiwo ankasamala kabwalo ka ndege ka ku Mbamba Bay, kamene anthu ankangoti uwanja: kutchetcha udzu, kukwirira maenje, kuyankha oyendetsa ndege. Nsanja ya oongolera ndege kunalibe. Nsanja yathu anali amalumewo, ataima pachulu. Ife tinachokera kutsidya, ku Malawi, ndipo Chingerezi chawo cha kusukulu ndicho chinawapezera ntchitoyo.

Anandiphunzitsa kumvetsera. Woyendetsa ndege sataya nthawi ndi malonje. Amatchula amene akumuitana, kenako mtundu wa ndege yake, kenako zilembo za kumchira. "Ngati mlendo wonena mfunda wake pakhomo," ankatero amalume. Ukangomva mtunduwo wadziwa kale kulemera kwake, liwiro lake ndi bwalo limene ikufuna. Yaing'ono ya injini imodzi imatera ngakhale pa udzu wonyowa. Ya injini ziwiri imafuna nthaka youma gwa.

Dzinja lina mvula inachita kunyanya. Msewu wa ku Mbinga unagumuka kumapiri, nyanja nayo inalusa moti asodzi anakokera mabwato kumtunda. Amayi anali oyembekezera, ndipo nthawi yawo itakwana mwana anakhala mopingasa. Anamwino anati popanda opaleshoni sizitheka, aitane ndege. Amalume anachita kuuma pakhosi pouza otumiza ndege a kumzinda kuti bwalo lachita matope, atumize yaing'ono.

M'mawa mwake anawanyamula amayi pamachira n'kuwagoneka pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa bwalo. Ndimakumbukira fungo la udzu wotchetcha kumene, ndi milomo ya amayi itauma ngati khungwa. Ine anandituma kuthamangitsa mbuzi kuti ndege ipeze njira yoyera. Ndinazithamangitsa ndi mtima wonse.

Wailesi inalankhula. Ndinatchera khutu, koma dzina la ndege limene linatchulidwa silinali lija ndinazolowera. Amalume anapempha kuti abwereze mtunduwo. Woyendetsayo anabwereza. Amalume anayenda mpaka pakati pa bwalo, n'kuponda ndi chidendene. Chidendenecho chinalowa, ndipo atachizula dzenjelo linadzaza madzi. Kenako anayandikitsa wailesi kukamwa.

Ndegeyo inabwera chapansipansi, injini zake ziwiri zikugwedeza chifuwa changa. Tinaona mimba yake yoyera. Inazungulira, n'kulunjika kumapiri.

"Achimwene, mwaibweza?" anafunsa amayi ndi mawu a pansi.

"Ikanatera ikanagubuduzika, mlongo wanga. Tikanaika maliro ambiri."

Azimayi amene anali pamenepo ndiwo anayankha, ndipo mawu awo sindingawalembe.

Nditakula ndinamva kuti yaing'ono ija inaliko, yabwinobwino, koma inapatsidwa akuluakulu ena opita kumsonkhano. Wina wake pampando wawofuwofu anati ndege ndi ndege basi, n'kutumiza imene inatsala. Munthuyo sindimudziwa dzina, ndipo iye la amayi sanalimvepo. Kutchalitchi amati tizikhululuka. Ine ndimamusungirabe chakukhosi, ndisaname. Iye anagona tulo tabwino, pamene amalume anakalamba anthu akuwaloza chala kumsika kuti ndi aja anakaniza ndege mlongo wawo.

Masana a tsiku lija amalume anapeza boti la injini la munthu wina wolimba mtima, n'kuwakweza amayi kupita kuchipatala cha ku Liuli, mafunde akulimenya m'nthiti. Ine anandisiya kwa anansi. Amalume anabwerako okha, maso ali psuu. Anangondiuza kuti amayi atsala komweko, iwo ndi mwanayo. Ankalankhula akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

Ndinamva zimenezo ngati mwana. Ndinaganiza kuti ndege yaikuluyo yapita kukaitana inzake yaing'ono, ndipo ikafika idzakawatenga amayi ku Liuli n'kuwatula kuno. Choncho m'mawa uliwonse mpaka mvula kutha ndinkalawirira ku uwanja ndi kamtengo kanga kukathamangitsa mbuzi. Amalume ankandiona, osandiletsa. Ndikawafunsa kuti lero yaitana ndi yamtundu wanji, ankatembenukira kunyanja, ndipo ine ndinkadabwa kuti munthu wodziwa ndege zonse funso laling'ono chonchi likumuvuta bwanji.