Pulogalamu ya Yusufu siitayidwa

Lolemba m'mawa foni yanga sinalire. Kwa inu si nkhani, koma kwa ine kulira kwa foniyo ndi moni wa mwana wanga.

Yusufu tinamuika chaka chatha. Anasiya pulogalamu yotumizira asodzi a kuno ku Lungwena uthenga wa mphepo m'mawa uliwonse. Kompyuta yomwe inkayendetsa pulogalamuyo inapsa, ndiye mkazi wake Amina, yemwe anaphunzira naye ntchitoyi, anaisamutsira ku kampani ina yakunja yobwereketsa malo pa intaneti. Kufika uko, pulogalamu yakana kudzuka.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, choncho pondifotokozera vutolo Amina anandikumbutsa za sadaka ya Yusufu. Ophika sankathamanga aliyense kukasaka mphika wake. Abiti Mdala, mkulu wa ophikawo, ankayendera mafuwa onse n'kupereka chosowa: uyu mphika, uyu chipande. Yusufu anaika wogawa wotere m'pulogalamu yake. Ikamadzuka, wogawayo amasuzumira chigawo chilichonse n'kuchipatsa zida zake. Koma eni malo atsopanowo salola kusuzumira m'zipinda, ndipo ukachedwa kudzuka amakuzimitsa.

Mlongo wanga Saidi, wa mu ofesi ku Monkey Bay, atamva anangoti, "Achemwali, itayeni. Anyamata alipo ambiri, alemba ina."

Ndinakana.

Bwanji timafulumira chonchi ndi za womwalira? Bwato tagulitsa, ukonde tagawana, munda wasanduka thengo. Tsopano titayenso ntchito ya mutu wake? Malo a pa intanetiwo ndi a eni ake, malamulo awo tiwatsata. Koma mwininyumba akaletsa kukhoma misomali, kodi ndiye kuti katundu wako ndi woola? Eni malowo mphepo ya mwera saidziwa. Ife timaidziwa, ndipo mabwato akulowabe m'madzi m'mawa uliwonse.

Amina anati njira ilipo: kugawiratu zida zonse pulogalamu isananyamuke kuno, kuti ikafika uko pasakhale chosuzumira. Chomuvuta chinali china. Ankayenera kuwerenga mzere uliwonse umene mwamuna wake analemba, ndipo chiikireni maliro anali asanawerengeko ngakhale umodzi.

"Amayi, ndikamawerenga ndimamumva akuyankhula," anatero.

Ndinamuuza kuti amumve basi, khanda lake ndibereka ine, usipa wa pathandala ndiyang'anira ine. Anakhala pakhonde ndi laputopu, akulira, akulemba. Sindinamutonthoze. Ndinkangomuikira tiyi pambali.

Lachisanu foni inalira. "Amalume, mwera ukubwera. Lero mabwato akhale kumtunda." Mawu ake enieni, mmene Yusufu ankawalembera asodzi. Ndinapita kudooko ndipo ndinapeza mabwato ali pamchenga, asodzi akusoka maukonde.

Uthengawo ndinautumiza kwa Saidi.

Nanga inu, za malemu anu munazitaya chifukwa zinawonongekadi, kapena chifukwa wina anakuuzani kuti sizikukwana m'nyumba mwake?