Mzere Wachitatu m'Kabuku ka Dona

Zopita ku Joni ndinaziganiza tsiku limene chinangwa changa chonse chinawolera m'madzi, nditaiwala kukachivuula. Ndinati kuno ku Mbungo, pachilumba cha Likoma, zandikanika, chitsiru ine. Agogo anga aamuna anakagwira ku migodi, ine ndingalephere kukolopa nyumba? Mwana wanga Edesi, wa zaka khumi ndi chimodzi, ndinamusiya kwa akulu anga a Fanesi, n'kukwera sitima.

Ntchito ndinaipeza kwa dona wina wosowa chochita. Munthu wa mafiriji awiri, koma m'mawa uliwonse ankaima pagalasi n'kumadziuza kuti ndi wokwanira. Ine mopu ili m'manja ndinkangoti chamumtima, wokwanira kumene, nanga ukusowa chiyani? Tsiku lina ndinaswa kapu n'kudzitukwana m'Chinyanja. Anafunsa tanthauzo lake, ndipo nditamuuza anagwira pachifuwa ngati ndamubaya. Mawa lake anandigulira kabuku ka maluwa pachikuto, kuti tsiku lililonse ndizilembamo zabwino zitatu, chachitatucho chikhale cha ine mwini. Malipiro osakweza, koma kabuku.

Ndinkalemba zongoti andisiye: galu wadya, zochapa zauma. Mzere wachitatu sindinkaukhudza. Kwathu munthu sadziyamikira. Msodzi angadzaze bwato ndi usipa, ukamufunsa amati wangopezako ka ndiwo. Mwana nayenso sitimutamanda ali pomwepo, ati angayambe kudzimva.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, zochepa, pamodzi ndi mauthenga a mawu pafoni ya a Fanesi. Lamlungu ndinkakhala ndekhandekha m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo ndinkasowa munthu koopsa. Ndiye ndinkangolankhula ndi foni: ndasochera pa takisi, chitsiru ine, ndawotcha malaya a bwana posita, chitsiru ine. Sindinadziwe kuti Edesi ankamvetsera mauthengawo mobwerezabwereza pofuna kumva mawu a mayi ake.

Patatha zaka zitatu dona anasamukira kutali kukafunafuna mtendere wa mumtima. Galu anamutenga, ine ayi. Ndinabwerera ku Likoma ndi chikwama chimodzi. Potsika sitima anthu ankayamba ayang'ana chikwamacho, nkhope pambuyo.

"Katundu wina akubwera sabata yamawa eti?" anafunsa mayi wina amene ndi ku Nkhata Bay komwe sanapondeko.

Ameneyo sanandipweteke, anthu otere alipo ambiri. Chinandipweteka n'chimene a Fanesi anandiuza m'njira: Edesi wakana kulembetsa mayeso a sitandade eyiti. Ndinamupeza akuyanika chinangwa pathandala, atatalika kundiposa.

"Iwe Edesi, mayeso ukuwathawiranji?"

"Ndikakangolephera, amama. Chitsiru ine."

Anatchula ndendende mmene ndimatchulira ine, mpaka kakuusa moyo kakumapeto. Ndinafuna kumukalipira, koma ndikanamutchanso chiyani? Zaka zitatu ndinkati ndikutumiza za sopo ndi makope, pamene chimene chinkafika chathunthu chinali liwu limenelo. Ndinachita manyazi kwambiri.

Ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa kabuku kachabechabe kaja, kamene ndinatenga kuti ndiziyatsira moto. Ndinamufotokozera lamulo lake, ndikumusonyeza mizere yachitatu yopanda kanthu tsamba ndi tsamba.

"Yambani ndinu," anatero Edesi.

Cholembera ndinachigwira nthawi yaitali. Kukolopa nyumba ya zipinda zisanu ndi ziwiri kunali kopepuka. Kenaka ndinalemba kuti ndinkatumiza mwezi uliwonse osadumphitsa. Anawerenga, n'kuloza ndi chala choyera ndi ufa.

"Apa mwasiya chilembo, amama."

"Nanga chitsiru chimaona zimenezo? Lemba chimenecho m'munsimu, ndi chako."

Analemba, akubisa ndi dzanja.

Dona uja ndimamunyozabe, ndi galasi lake lomwe. Koma Lolemba lake Edesi anapita kukalembetsa dzina kusukulu, ndipo liwu lija pakhomo pano tinalisiyira mbuzi ya a Fanesi.