Achemwali Anga ndi Zithunzi za ku Italiya

Achemwali anga aakulu adabwera kudzationa ku Glasgow chaka chomwe mwana wanga wamkazi ankamaliza sekondale. Kwathu ku Dedza, waluso pa zojambula anali iwo. Ankajambula ndi makala pakhoma la khitchini mpaka odutsa ankaima. Koma bambo atayamba kudwala, makolo adati sukulu apitirize mmodzi, ndipo adasankha ine, mwamuna. Achemwali adalowa kudimba, kenako kubanja. Ine ndidakhala injiniya.

Loweruka lina kukugwa mvula, mwana wanga adati tipite nawo azakhali ake kunyumba yoonetsera zithunzi zakale. Tidakwera basi ku Maryhill. Nyumbayo ndinkangoidutsa zaka zonsezi, osalowamo.

Mwanayo amalankhula Chingerezi cha konkuno, choncho ine ndinkamasulira. Adafotokoza kuti zithunzizo zidajambulidwa ku Italiya kalekale, nthawi yomwe maphunziro ndi luso zidatsitsimuka ku Ulaya. Anthu adafukula mabuku oiwalika, nayamba kuphunzira thupi la munthu kuti azilijambula ngati lamoyo. Ana aluso ankatumizidwa kwa akatswiri.

"Kuwaphunzitsa kujambula kumeneku?" adafunsa achemwali.

"Eya, kuyambira ali aang'ono," ndidatero.

"Atsikananso?"

Ndidafunsa mwana uja. Adati analipo koma ochepa kwambiri. Ndidazengereza, kenako ndidamasulira momwemo.

"Kani n'kulikonse," adatero achemwali, akuseka. Ine kuseka kudandikanika.

Adaima nthawi yaitali pa chithunzi cha Mariya atanyamula mwana. Chala chawo chinkayenda m'malere, kutsata mapindidwe a nsalu. Ndinkaona mikwingwirima ya khasu m'manja mwawo, ndipo anga ndidawabisa m'matumba a jekete.

M'basi pobwerera ndidayamba: "Achemwali, sukulu ija mukadapitiriza inu..."

"Aa, achimwene, musandisokoneze," adandidula. "Ndikuganiza za nsalu ija. Kodi wojambulayo adatani kuti izioneka yolemera chonchija?"

Masiku otsatira, achemwali adapitanso kukaona zithunzizo ndi mwana uja ine ndili kuntchito, ndipo ankabwerako akucheza ndi manja, aliyense chilankhulo chake.

Atatsala pang'ono kubwerera ku Dedza, ndidawagulira mapepala olimba, maburashi ndi penti. Adalandira ndi manja awiri. Patapita miyezi ndidawafunsa pafoni ngati adajambulapo kanthu. Adati zala zidauma ndi nyamakazi, burashi siigwirika, ndiye adapatsa adzukulu.

"Pa adzukuluwo, kamtsikana kakang'ono kaja kakuyesetsa," adatero.

Ndidawafunsa ngati mvula yayamba.