Anatembenuza njira yanga

Mpaka lero dzina loti Mafadi sindifuna kulimva. Ndiyo nsonga yayitali kuposa zonse m'dziko lino la Joni, ili kumapiri a Drakensberg kumalire ndi Lesotho, ndipo ine phazi langa silinapondepo. Amene anachititsa ndimakumana nawo Lamulungu lililonse pakhomo la tchalitchi ku Midrand, ali mu suti, akupereka moni ndi manja awiri.

Tinali ndi kagulu kathu ka Amalawi okwera mapiri. Munali anamwino, aphunzitsi, ana a ku yunivesite, ndi ine woyeza magazi ku labu. Loweruka tinkapanikizana m'magalimoto kupita ku Magaliesberg, kukatulutsa utsi wa m'tauni m'mapapo. Atcheya athu anali mkulu wa mpingo, bambo wa mimba yake ndi mawu ake, wokonda kuyenda patsogolo ndi ndodo ziwiri zonyezimira. Ine ndinakulira m'tsinde mwa phiri ku Mulanje, ndiye kukwera sikunali nkhani. Chimene ndinadzachikonda kuno ndi kujambula njira.

Phiri limodzi aliyense angakwere, bola miyendo. Kulumikiza nsonga zingapo paulendo umodzi ndi ntchito ina. Uyenera kudziwa pogona, potunga madzi, potsikira wina akadwala, komanso ngati dzuwa lidzakhala kumaso kapena kumsana pamene chikwama chikulemera. Nyengo yonse yozizira ndinkati ndikaweruka, ndiyale mapu pansi m'fulati mwanga, kona iyi ndatsamiritsa chitini cha shuga, inayo nsapato, n'kumakwawa ndi pensulo. Ndinafunsa Azulu ndi azungu amene anapitako, ena mpaka anatopa nane. Ndinkakwera masitepe a fulati yathu ndi thumba la mpunga kumsana, alonda akundiseka kuti mama apenga.

Njira inatuluka yokongola, ndisaname. Kukwera pamwamba, tidzere mpata wina wamiyala, wothina, woimirira, koma wamthunzi ndipo kamtsinje kakutsatira pambali. Ukafika pamwamba, nsonga zija ukuzitola imodziimodzi, Mafadi ali pakati. Potsika, tidzere mpata wina wautali waudzu, wopanda dontho la madzi, woyang'ana dzuwa, koma pamenepo zikwama zapepuka chifukwa chakudya chatha, ndipo phiri likukukankha lokha. Nzeru yonse ya njirayo inali pamenepo: pouma utsike, pamadzi ukwere.

Kwathu chinthu sichifika kugulu chisanadutse kwa akulu. Ndinanyamula mapu anga kupita nawo kunyumba kwa atcheya, ndinakhala pampando wapansi, n'kuwafotokozera. Ankangogwedeza mutu, maso ali pa foni. Kenako anati ndiwasiyire kaye akaonetsetse bwino. Ndinawasiyira, chitsiru ine.

Tsiku la msonkhano tinakumana m'galaja mwawo, nyama ili pamoto panja. Anapachika chinsalu, n'kuwalitsapo mapu ojambulidwanso pakompyuta, mizere yofiira, timivi tokongola. Anayamba ndi kunena kuti atasinkhasinkha ndi kupemphera kwa miyezi, Mulungu wawapatsa njira yolumikiza nsonga za ku Drakensberg. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Pogona panali panga, potunga madzi panga, ngakhale phanga limene ndinalipeza nditavutitsa munthu pafoni linali pomwepo. Dzina langa lokha ndi limene linasowa.

Nditayang'anitsitsa timivi tija ndinaona china. Pofuna kuti njira ioneke yawo, bambowa anaitembenuza. Poyambira panga anaika pothera. Ndiye kuti tikakwere mpata wouma uja dzuwa lili pamphumi, zikwama zili zodzaza, tikatsikire wamiyala mawondo atatha kale. Ndinakweza dzanja. Sindinkafuna ngakhale kukangana za mwini njira panthawiyo, ndinkafuna kunena za timivi basi.

"Mayi," anatero atcheya akumwetulira, "mkulu akamalankhula ana amakhala chete. Mafunso kumapeto."

Ana! Ine mzimayi wa mdzukulu kale. Anthu anaseka kaphwete kaulemu kaja, ine ndinatsitsa dzanja. Kumapeto mafunso kunalibe, kunali kugawa ntchito. Wina wamankhwala, wina wachakudya, iwo eni otsogolera. Atafika pa ine anati popeza ndimakonda kuyang'anira zinthu, ndikhale wosesa. Wosesa ndi amene amayenda kumbuyo kwenikweni kwa mzere, ndipo lamulo lathu linali limodzi losasintha: wosesa sasiya munthu. Wina akatsalira, utsala naye. Akabwerera, ubwerera naye.

Pobwerera ndinakwera ndi mnzanga wina wa m'gulumo, wobadwira ku Zimbabwe koma makolo ake a ku Dedza, amene ankadziwa kuti njirayo ndi yanga chifukwa anandipezapo ndikukwawa pamapu. Anandikalipira msewu wonse mpaka ku Kya Sand kumene ankakhala. Ankati ndilembe pa gulupu ya watsapu usiku womwewo, ndiulule zonse. Nditakana, anati chabwino, zakuba zisiye, koma za timivi uwauze pambali, atembenuze mwakachetechete, ulendo uyende, iwe ukaponde Mafadi wako. Ananena zoona, wakutsina khutu ndi mnansi. Anandikumbutsanso kuti woyamba kugwa pampata wouma uja adzakhala atcheya omwewo, ndipo wotsala nawo adzakhala ine.

Zimenezo ndinali nditaziona kale tili m'galaja. Ndikawauza pambali, akakonza, akafika pa Mafadi, akajambulitsa atakweza ndodo zawo, ndipo mpaka imfa anthu adzati njira ya atcheya. Ndikakhala chete, phiri lidzawayankha pamaso pa onse, koma ine Mafadi ndamutaya. Ndinagona nazo masiku, ndikuziyeza uku ndi uku. Chimene chinandimaliza ndi uthenga wawo pa gulupu, akudzitama kuti luso lowerenga mapu si la aliyense. Ndinati chabwino bambo, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Anandiuza ndikhale chete, ndikhala chete.

Ena aja sindinawataye. Ndinayendera aliyense payekha kumuuza kuti anyamule madzi owirikiza patsiku lokwera, ndi chipewa chachikulu. Akafunsa chifukwa, ndinkati mawu a wosesa basi. Atcheya nawonso uthengawo unawafika kudzera kwa wamankhwala, koma anati madzi ambiri ndi katundu wa amantha, iwo njira akuidziwa.

Tsiku loyamba tinayenda m'chigwa, zonse bwinobwino, iwo patsogolo akuimbitsa nyimbo. Lachiwiri tinayamba mpata uja. Dzuwa la kumeneko silichita manyazi. Udzu wokhawokha, mthunzi palibe, ukati wafika pamwamba kukubwera chitunda china. Nyimbo zinatha. Atcheya anachoka patsogolo kufika pakati, ati akuona ngati ana akuyenda bwino. Anachoka pakati kufika kwa ine. Ndinkamva kupuma kwawo ngati mvukuto. Botolo lawo linali litauma kalekale. Dzuwa lisanafike paliwombo anakhala pamwala, miyendo ikukokana, nkhope itatuwa, ndipo anakanika kudzukapo.

Gulu linabwerera pang'ono kudzaona. Wamankhwala anawayeza, anati si zoopsa koma pamwamba sangafike, atsike. Maso onse anatembenukira kwa ine. Mnzanga uja anati atsala ndiye, ine ndipitirire. Ndinakana. Lamulo ndi lamulo, komanso kunena zoona sindikanalola wina aone zimene ndinazilipirira. Ndinatenga mapu m'manja mwa atcheya, n'kumuonetsa mnzangayo pamene madzi ali akangofika pamwamba, phanga logona, ndi mmene angatsikire mpata wamiyala mosathamanga. Ndinkalankhula osayang'ana papepala. Aliyense anamva, ndipo aliyense anazindikira. Panalibe woseka.

Anapita. Ndinawayang'ana akuchepa mpaka anasowa kuseri kwa chitunda, mtima ukuwawa ngati andizula dzino. Tinatsala awiri. Ndinawapatsa madzi anga, anamwa. Atapezako mpweya anayang'ana pansi.

"Mayi, munkadziwa. Bwanji simunandiuze?"

"Mkulu akamalankhula ana amakhala chete, abambo. Mafunso munati kumapeto. Kumapeto kwake ndi kuno. Njirayi anajambula ndani?"

Anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna pothawira. Ine sindinawathandize. Kenako anati, "Inuyo." Ndinawauza kuti akanene zomwezo pa gulupu tikafika pamene foni ikugwira, apo ayi ndikanena ndine, ndipo ndikanena moipa. Eish, kukoma kwa mawu amodzi aja sindidzakuiwala.

Kutsika kunali kwa ine. Chikwama chawo sakanatha, ndiye ndinabereka changa kumsana, chawo kutsogolo, iwo akutsimphina pambuyo ndi ndodo zawo zonyezimira. Pafupi ndi chigwa ndinaponda mwala wogwedera, bondo lakumanzere linalira thwa. Ndinafika pansi ndikukoka mwendo, osadandaula, chifukwa sindinafune andimvere chisoni.

Analembadi pa gulupu, mizere iwiri yowuma, koma analemba. Utcheya anausiya okha. Anzathu aja anabwera ndi zithunzi za pa Mafadi, atakumbatirana mumphepo, ndipo pa chimodzi mnzanga uja ananyamula chipewa changa chimene ndinamubwereka, ati ndiye ine. Gulu linagwirizana kuti chaka chotsatira tibwereza njirayo moyenera, ine patsogolo.

Bondo linakana. Adokotala analijambula, anandiuza kuti pansi ndiyenda, timapiri ta ku Magaliesberg mwina, koma za chikwama cholemera ndi mipata ya ku Drakensberg ndiiwale. Chaka chotsatira anapitadi, anadzera mpata wamadzi, anatsikira wouma, anabwera akuyamikira kuti njirayo ndi yokoma. Ine ndinali pafulati, mwendo uli pampando.

Mnzanga amandifunsabe ngati sindinong'oneza bondo, ndipo amaseka yekha akatero. Ndimamuyankha kuti ayi, ndipo sindinama. Atandibwezera m'galaja muja lero, dzanja ndingatsitsenso. Koma asandiuze munthu kuti ndikhululuke chifukwa zinatha. Kwa iwo zinatha. Lamulungu amandipatsa moni ndi manja awiri, amandifunsa za mwendo, ine ndimayankha kuti uli bwino abambo. Kenako amatsika masitepe a tchalitchi aja mothamanga kupita kugalimoto yawo, ine ndikutsika imodziimodzi nditagwira chitsulo.